Botolo la Madzi a Sopo

Lolemba, 3 Ogasiti 1987

Gerishon Chimbalanga. Lero ndamuona pamsika wa Lisungwi akusankha tomato ngati munthu. Wanenepa, khosi lachita mizere. Akuti wapuma ntchito yaupolisi, wabwera kudzakhala kwa mkazi wake. Ine ndinabisala kuseri kwa ogulitsa makala mpaka anachoka. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapita, koma ndikumuopabe. Ndadzinyansa.

Kope ili ndizilisomeka kudenga. Masiku ano pepala limamangitsa.

Lachiwiri, 4 Ogasiti

Chifuwa chija. Lero mwatuluka timagazi. Sindinauze munthu.

Lachinayi, 6 Ogasiti

Ndilembe mmene zinakhalira, ndingafe nazo.

Mu 1969 ndinali dalaivala wa lole ya a Kalisto, eni sitolo ku Neno. Paipi ya buleki inkadontha. Ndinawauza katatu. Iwo amvekere, "Mafuta a buleki ndi odula, Laimoni. Sungunula sopo m'madzi uthiremo, anzako onse amatero." Ndinathira. Botolo la madzi a sopowo ndinkayenda nalo pansi pa mpando. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, sindikukana.

Tsikulo tinapakira manachesi, anthu n'kukhala pamwamba pa madengu. Tikutsetsereka phiri ndinaponda buleki, phazi linangofika pansi. Anafa atatu. Mmodzi anali Stelia, mwana wa mlongo wanga Mailesi. Ndinamukweza ndine, malume ake, kuti asavutike kuyenda pansi.

Gerishon anafika pa njinga. Ndinamuonetsa paipi, ndinamupatsa botolo. Ananunkhiza, anakwinya mphuno, anati, "Sopo uyu." Anatero ndi pakamwa pake! Koma a Kalisto anali apampando a chipani kwathuko. M'mawa mwake lole anaikoka, paipi n'kusinthidwa woyeza magalimoto asanabwere. Kukhoti botolo lomwe lija linafika muli kachasu. Sitetimenti analemba m'Chingerezi, ine wa Sitandade 3. Ndinasaina atandigulula dzino ndi ndodo yake. Zaka zisanu kundende.

A Kalisto anamwalira mu 1981, maliro a nyimbo ndi mbendera. Wodziwa zoona watsala mmodzi basi, wa tomato uja.

Loweruka, 8 Ogasiti

Lero sindinabisale. Ndinamupeza akupopetsa njinga, ndinaima patsogolo pake.

"Muli bwanji a Konsitabulo?"

"Ndinapuma ndili sajeni, madala. Kodi ndinu ndani?"

Ndinakweza mlomo, ndinamuonetsa pamene panali dzino. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Aa, a Laimoni a kachasu! Mukadali moyo eti?"

Anaseka, opopa njinga n'kuseka naye. Ndinati, "Kachasu wa thovu munamuonapo kuti, bwana?" Kuseka kwake kunathera pomwepo. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Khadi la chipani muli nalo? Olongolola amapita osatsanzika, mukudziwa."

Khadi ndili nalo. Galu.

Lamulungu, 9 Ogasiti

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo monga mwa masiku onse. Pa mgonero anandichotsa chaka chomwe chija, chifukwa cha uchidakwa, ine amene mowa sindinaulawepo. Mailesi anadutsa pafupi, chitenje chake chinandikhudza bondo. Sanacheuke. Mawu ake omaliza kwa ine ndi a pabwalo la khoti: "Achimwene, munagulitsa mwana wanga ndi botolo." Ana ake ena anakwatiwa, unkhoswe anaimira anthu apadera, ine ndilipo.

Kenako zolengeza. Akuti a Chimbalanga abwera ndi kalata yochokera kumpingo wa kumene ankagwira ntchito, akufuna kuwaika ukulu wa mpingo kuno. Dzina lilengezedwa masabata atatu, amene ali ndi chifukwa akaonane ndi abusa.

Mkulu wa mpingo! Dzanja lomwe lija lizigawa mkate.

Lolemba, 10 Ogasiti

Ndapita kwa abusa. Ndi mwana wamng'ono, wa ku Ntcheu, za 1969 sazidziwa. Anayamba watseka zenera. Ndinafotokoza zonse. Anati, "Agogo, mboni muli nayo?" Ndinati mboni ndi mwini wakeyo, mumufunse atagwira Baibulo. Anati nkhani yokhudza apolisi ndi chipani ndi yoopsa, ingatipweteke tonse. Koma analemba. Ndinaona cholembera chikuyenda. Akuti dzinalo liyamba laima mpaka akulu akhale pansi.

Pobwerera ndinapuma kanayi. Kale mtunda umenewu ndinkauthamanga.

Lachitatu, 12 Ogasiti

Gerishon wabwera kwanga. Masana, yekha, akukoka mbuzi yaikazi, bulangete latsopano kukhwapa. Chipewa anavula ali kumsewu. Sindinamupatse mpando, anakhala pa mwala.

"A Laimoni, takalamba tonse. Zakale zisatipweteke."

"Lero sindine wa kachasu?"

"Ndinali mwana pantchito. A Kalisto akanandichotsetsa tsiku lomwelo, mwina kuposa apo. Mukudziwa mmene zinalili. Mmene zilili."

"Dzino langa anagulula ndi a Kalisto?"

Mbuzi inayamba kudya nsawawa zimene ndinayanika, sanaikoke n'komwe. Kenako anati ali ndi mnzake ku Blantyre amene angandibwezeretse laisensi. Laisensi! Maso awa, chifuwa ichi, ndikayendetse chiyani, wilibala?

Anati, "Nanga mukufuna chiyani kuti mukachotse mawu anu kwa abusa?"

Ndinamuuza kuti mbuzi atenge, bulangete akafunde yekha. Kukhoti sindikufunako, boma silibweza zaka. Ukulu wa mpingo akhale nawo, akakambirana ndi Mulungu wake. Ine ndikufuna chimodzi ndisanalowe m'nthaka. Ayende nane mpaka pakhomo pa Mailesi, masana, anthu akuona. Akhale pansi ngati mmene wakhalira apa, amuyang'ane kumaso, anene kuti m'botolo muja munali sopo, mchimwene wanu sanamwe.

Anapukuta thukuta ndi chipewa. Anafunsa ngati sizingatheke kungolemba kalata.

Ndati ayi. Kulemba ndiye ndimakudziwa kwako. Ukanene ndi pakamwa.