Kuchapa mawu a bambo

Lolemba, 4 Ogasiti

Mayina atuluka. Ndasankhidwa kukoleji. Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anandiyankha. Kenako ndinafufuza dzina la msuweni wanga, mwana wa azakhali, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Palibe. Iye amene anandiphunzitsa masamu tchuthi chonse, uku akundigogoda ndi rula. Ndamuimbira, sakuyankha.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Bambo alengeza pa gulu la banja la pa foni. Kunena zoona ndalengeza ndine. Zala zawo za umakanika zimadina zilembo zitatu nthawi imodzi, ndiye iwo amalankhula ali pansi pa galimoto, ine n'kumalemba. Timanja towomba tangoti mbwee, ngakhale kuchokera kwa achibale amene sanandipatsepo moni chibadwire. Azakhali anangoti, "Tathokoza. Kukhala ndi odziwana nawo kumathandiza."

Bambo anatuluka pansi pa galimoto osaitanidwa.

Vuto n'loti malo ogona kukoleji adzaza kale, ndipo nyumba ya azakhali ili pafupi ndi geti. Ndiyenera kukagona chipinda chimodzi ndi msuweni. Popanda chipinda chimenecho koleji ndizingoionera pa chithunzi.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Nkhondo. Bambo akuti, "Umuuze kuti mwana wakeyo akanasiya kupenta zikhadabo akanasankhidwa. Uwonjezere kuti nsanje ilibe mankhwala." Ine ndinalemba kuti, "Mlongo wanga, tisataye mtima, mwanayu ndi wanzeru." Powawerengera ndinabwereza zawo zija, ndi mawu aukali omwe. Anakhutira.

Yankho linabwera: "Zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni." Azakhali ameneŵa? Omwe anathamangitsa wowerenga mita ndi tsache mpaka kumsewu? Bambo akuti, "Waona? Ndamuthyola." Anaimba mluzu tsiku lonse.

Loweruka, 9 Ogasiti

Bambo aang'ono, amene amayang'anira gululi ngati ndi boma, alemba ndime yaitali yoyamikira kuti banja lathu limatsutsana mwaulemu, mabanja ena aphunzirepo. Aikanso malamulo: osatukwana, osatumiza nkhani zandale, osatsatsa nkhuku. Lomalizali ndi la akazi awo omwe.

Ndikutsuka mbale ndi pamene ndinazindikira. Azakhali saona tizilembo ta pa foni chithyokere magalasi awo. Amawalembera ndi msuweni. Ndiye kuti tilipo awiri ochapa mawu, wina uku wina uko, akuluakulu akungotiunjikira zakuda. Foni yanga sayankha, koma tsiku lonse tikulankhulana m'kamwa mwa makolo.

Ndinazembetsa chiganizo chimodzi m'dzina la bambo: "Mwana wanuyo tamusowa kuno." Yankho: "Ali bwino." Basi. Zinandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Amayi andigulira chikwama chachikulu. Ndachikankhira pansi pa bedi ngati chakuba.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Nkhani ya chipinda. Bambo: "Umuuze akonze bedi, denga la nyumba imeneyo ndinakhoma ndine." Ine: "Mlongo wanga, ngati n'kotheka, tikupempha malo a mwanayu." Ndinaikanso timanja topemphera, manyazi ndilibe.

Yankho linachedwa, ndipo linafika losachapa. "Chipinda chathu n'chaching'ono. Simungagone anthu awiri, wina akuwerenga, wina akungomvetsera mapepala akutembenuzidwa. Mwana wanuyo sanafunsepo kuti zikupweteka bwanji. Amangoimba kuti wake mtima ukhale pansi."

Anthu makumi awiri awerenga, palibe wotsokomola. Bambo aang'ono atumiza chithunzi cha maluwa. Malamulo awo onse aja, lina loletsa kunena zoona analiiwala.

Kwa bambo ndinawerenga momwe zinalembedwera. Ulendo uno ndinalibe sopo.

Lachitatu, 13 Ogasiti

M'mawa bambo anawaimbira okha azakhali, foni ili pa sipika pamwamba pa boneti. Azakhali kudabwa: "Ine ndinati abwere, bedi lilipo. Zamapepalazo ndi ziti?" Kenako anayamba. Iwe mutu ngati batire, iwe pakamwa ngati hutala. Zikhadabo zinatchulidwa, odziwana nawo anatchulidwa, denga linatchulidwa kuti limadontha. Mapeto ake onse awiri akuseka mpaka bambo kupukuta misozi ndi chiguduli cha oyilo. Anthu ameneŵa akhala akutukwanana kuyambira ali osavala, ife n'kumavutika kuwachapira.

Ndiye mawu adzulo aja sanali a azakhali. Anali a msuweni, ndipo sananame. Ndimaimba kuti andiuze kuti palibe vuto, ndikasangalale bwinobwino.

Bambo akuti, "Tenga foni, ulembe pa gulu kuti nkhani yatha." Ndinati alembe okha, zala ali nazo. Ndinakakhala kuseri kwa galaja pa tayala lakutha, n'kutenga foni yanga. Ndinalemba ndime yokongola, ndinafufuta. Ndinamutumizira msuweni mawu awiri: "Zikupweteka bwanji?"

Wawerenga. Akulemba. Wasiya. Akulembanso.

"Kwambiri. Ubwere ndi bulangeti lako, langa sindikupatsa."