Mayi Mafunso Atisiya Tisanawamve

Kwa abambo a pakhomo, ana, abale ndi onse amene akulira nafe,

Bungwe la Eni Mafakitale ndi Olemba Anthu Ntchito, kudzera mwa Wapampando wake, lagwidwa ndi chisoni chachikulu ndiponso manyazi osabisika pomva kuti mphunzitsi wamkulu wa zachuma, amene antchito athu anawatcha Mayi Mafunso, atisiya atadwala nthawi yaitali. Wapampando wayenda maiko ambiri, wagwirana chanza ndi akatswiri a mitundumitundu m'maholo oti ukayang'ana kudenga chipewa chimagwa, koma akunenetsa kuti munthu wa mafunso olasa ngati malemuwa sanamuonepo kwina kulikonse.

Moyo wawo wonse malemu anafufuza chinthu chimodzi: kodi mwana wa munthu wonyamula matumba amakathera pati? Sankadikira mayankho mu ofesi. Ankalawirira pa geti ya fakitale, pamene ofuna ganyu amaima kudikira kuti kapitawo awaloze chala, ndipo akapeza bambo ankafunanso mwana wake, nkuwakhazika pa benchi imodzi kuti afananize ntchito zawo ndi malipiro awo. Pakapita zaka ankabwereranso kwa anthu omwewo. Anasula ophunzira ochuluka amene lero akulangiza mabungwe akuluakulu, anatikhazika pansi ife ndi atsogoleri a antchito kuti tikambirane osalozana zala, ndipo anasonyeza kuti phompho la pakati pa olandira zambiri ndi olandira zochepa likunka likula, pamene ntchito zabwino zikuyenda pachibale, mwana wa mlonda nkudzakhalanso mlonda.

Apa ndi pamene ankakokanakokana ndi Wapampando. Iye, munthu amene anayamba ndi wilibala yobwereka mpaka kufika pomanga mafakitale akeake, ankawaseka kuti asamatope ndi kafukufuku, azingomuyang'ana iyeyo. Tsiku lina malemu anamufunsa kuti anzake amene ankakankha nawo mawilibala aja ali kuti. Anatchula uyu, natchula uyo, nkupeza kuti amene sakukankhabe ndiye kuti akukankha ndi ana awo.

"Achimwene, inu munawoloka ndipo takondwera," anatero malemu. "Ine ndikufunsa za amene anatsala tsidya lija."

Pa msonkhano wathu waukulu wapitawu tinawaitana kuti adzatiuze zimene anapeza. Anabwera akuchokera kuchipatala, mwana wawo wamkazi atawagwira mkono, nakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo. Wapampando anayenera kungotsegulira msonkhanowo basi. Koma mawu atamukomera anayamba za wilibala, nalowa za ndege yoyamba imene anakwera, nafika pa fakitale ina ya kunja imene makina ake amagwira ntchito popanda munthu, ife tikuwomba m'manja nkumamuonjezera moto, mpaka operekera zakudya anayamba kuliza mbale pakhonde. Tonse tinathamangira kukadya. Panalibe ngakhale mmodzi wa ife amene anaimirira kukumbutsa kuti mlendo sanayankhule. Wapampando anawagwira dzanja nawalonjeza kuti chaka chamawa adzakhala oyamba. Iwo anangomwetulira, nati aona mmene thupi lidzakhalire. Aliyense amene anali ndi maso anaona mmene thupilo linalili.

Atamva za zovutazi, Wapampando anapita kunyumba kwa malemu kukapepesa ndiponso kukapempha kuti zimene anakonza kutiuza ziwerengedwe pamaso pa mamembala onse. Abambo a pakhomo anamulandira pabalaza mwaulemu, koma anati mwini yankho ndi mwana wawo, popeza ndiye amene anawaperekeza mayi ake tsiku lija nkuwabweza kunyumba mawu ali m'kamwa.

"Amayi sanavutikire kuti muwawombere m'manja, bambo," anatero mwanayo. "Ngati mukufunadi kumva, muitanenso anthu a pa geti aja adzakhale nanu m'holo momwemo. Apo ayi, zisiyeni."

Wapampando anatsanzika, natuluka m'nyumbamo. Atakafotokozera akuluakulu a bungwe, ena anang'ung'udza kuti antchito akamva zimenezi tulo tidzatisowa, ena nkumati nkhaniyi iyambe yazizira. Iye anawauza kuti kuzengereza nkumene kwatifikitsa pano, ndipo kuti ngati akana, iye mpando ausiya. Pomaliza anavomera, ngakhale si onse amene anavomera ndi mtima umodzi.

Choncho tikulengeza kwa banja ndi kwa anthu onse kuti pa msonkhano ukubwerawu zitseko zidzatsegulidwa kwa onyamula matumba, alonda, osesa ndi ana awo, ndipo mwana wa malemu adzawerenga ntchito ya mayi ake yonse, osadumpha ngakhale zotiwawa. Mamembala ambiri akuopa zimene adzamve, ndipo Wapampando akuopa nawo limodzi.

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa kwa abambo a pakhomo, ana ndi abale, podziwa kuti chipepeso chathu chafika mochedwa. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku owawawa, ndipo mukadzaona kuti tikuyamba kuzemba lonjezo ili, musadzatichitire ulemu, mudzatikumbutse poyera.

Wapampando,
Bungwe la Eni Mafakitale ndi Olemba Anthu Ntchito