Chiuno chikuchepa, khosi likukula

Aphungu,

Ndiyambe ndi nkhani yokoma: ndikukwatiwa mu Okutobala! Oswell, dalaivala wa minibasi za ku Chelstone, wamaliza zonse kwa makolo anga, ndipo ine ndikungoimba tsiku lonse.

Koma diresi yandivuta. Ba Winifred, telala wanga wa ku Kabwata, aibweza m'chiuno katatu. Sabata yatha anaponya tepi pamakina n'kunena kuti, "Iwe mwana, ndasokela akwati ambili, koma wochepa m'chiuno n'kumakula khosi ndiwe woyamba. Kolala yakana kumanga!"

Kudya ndimadya ngati wonyamula matumba, komabe ndikungotha. Juni uno anzanga ali m'majuzi, ine thukuta kamukamu. Mtima umagunda ngati ndathamangira basi. Manja nawo amanjenjemera. Tsiku lina ndikupereka tiyi chogwada, kapu inalira pasosala, alangizi anga n'kuwomba m'manja amvekere, "Ulemu wake ndi umenewu, mkwatibwi wamanyazi!"

Amene sakuseka ndi apongozi. Auza Oswell kuti ukwati uyambe waima, poti kuonda kotere mukudziwa zimene anthu amaganiza masiku ano. Tinakayezetsa kachilombo kawiri, tonse tilibe, koma iwo akuti pepala silinenepetsa munthu. Ndikuopa kuti ukwati wanga uthera pamenepa. Nditani?

M.K., Kabwata

Mwanawe M.K.,

Choyamba, mafuno abwino! Chachiwiri, telala wakoyo umugulire chitenje, waona zimene alangizi anaphonya. Amenewo si manyazi ayi.

Kutsogolo kwa khosi kuli kachiwalo kotchedwa chithokomiro. Chikamagwira ntchito mopyola muyeso, thupi limakhala ngati mbaula yokupizidwa osaleka: umadya koma n'kumaonda, umamva kutentha ena akuzizidwa, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, khosi limatupa. Ena tulo timawavuta, amapsa mtima msanga, msambo umasokonekera, maso amatong'oka. Wanditchulira zisanu usanafunsidwe.

Ine sindingakupime m'nyuzipepala. Pita kuchipatala sabata ino, unene zonsezi osasiyako, ndipo upemphe kuti akuyeze magazi a chithokomiro. Apongoziwo uwatenge, akadzimvere okha kwa dokotala. Mantha awo ndi a kholo, usawadere. Chikapezeka chili chimenechi, sangalala, chifukwa mankhwala ake alipo ndipo ambiri amayamba kupeza bwino pakangopita masabata ochepa. Umuuzenso dokotalayo kuti ukulowa m'banja, popeza nkhani ya mimba imafuna kuti chithokomiro chiyambe chakhazikika.

Chenjera ndi mapiritsi onenepetsa ogula pamsika, ndipo mtima ukathamanga kwambiri thupi litatentha, usadikire mawa.

Pomaliza, thamangira kwa Ba Winifred asanagwire sizasi. Uwauze apinde nsaluyo mkati, asadule. Thupi lako likubwerera, mwanawe, ndipo mu Okutobala lidzafuna malo ovinira.