Matope a pa Majombo a Ababa

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Shamsa, mnzanga wa ku labu kuno ku Zomba, wabwera ndi zotsatira za DNA. Tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'thamanda la kudimba kwathu ku Nchema si mtundu umodzi ndi ta kumtsinje. Maonekedwe chimodzimodzi, chibadwa chosiyana. Palibe anatilembapo. Koma botolo linali limodzi, ndipo tizilombo tonse tinathera poyeza. Popanda tina tamoyo, dzina la mtundu watsopano sililembedwa.

Ababa ankanena. Zaka zonsezo chiweramire pa maikulosikopu yawo yakale, atapuma ntchito yoyeza magazi kuchipatala. "Kufanana nkhope chabe uku, mwananga. Tathuti timasambira n'kuima, n'kukhotera kumanzere." Ine ndi digiri yanga: "Ababa, buku likuti ndi mtundu umodzi." Ndinaseka. Pamaso pawo penipeni. Chaka chatha ali m'manda.

Lachinayi, 10 Okutobala

Minibasi mpaka pa Nguludi, kenako kabaza. Mwezi uno thamanda limauma, koma zilibe kanthu. Mazira a tizilomboti amagona m'dothi louma kudikira mvula. Supuni imodzi ikwana.

Thamanda kulibe. Dzenje lokhalokha, lokumbidwa mpaka pathanthwe. Pambali pake uvuni wa njerwa, wootcha kale.

Lachisanu, 11 Okutobala

Amalume a Benedict, nkhope ili ngwee: "Tinati malemu ankakonda pamenepaja, chiliza chawo chimangidwe ndi dothi lomwelo. Anali mkamwini wabwino." Amadikira zikomo. Ndawathokoza. Ndikanatani?

Moto wa masiku atatu. Dzira lanji lingapulumuke? Mabotolo a ababa osungiramo madzi a m'thamanda nawo anatsukidwa maliro atatha. Lina muli mchere, lina mafuta ophikira.

Sindinadye. Mtima ukuwawa, womukwiyira palibe. Mwina ndine ndemwe. Ndikanawamvera akali moyo, bwenzi dothilo ndinatapa kalekale.

Lamlungu, 13 Okutobala

Pochokera ku Misa ndawauza amayi zonse. Alowa kuchipinda, atuluka ndi majombo a ababa, matope ouma ali kakata kunsi kwake. "Ndinakaniza kutsuka. Ulendo wawo womaliza kudimba anavala amenewa."

Ndapala ndi supuni, iwo akuyang'ana kumbali. Kadothi kosadzaza n'chikhatho chomwe. Ndathira m'kapu ya madzi owiritsa ozizira, ndaika pawindo. Lina kulibe.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Dontho pagalasi la maikulosikopu ya ababa. Zii.

Lachinayi, 17 Okutobala

Palibe. Amisiri ayamba kumanga chiliza, ngolo ikututa njerwa kudutsa pakhomo pomwe pano. Shamsa akufunsa ndibwerera liti. Maikulosikopu ikununkhabe sopo wa m'manja mwawo.

Loweruka, 19 Okutobala

M'mawa, dontho lachinayi. Kachilombo kamodzi! Kenako kena. Kakusambira, kaima, kakhotera kumanzere. Ndendende.

Ndadzambatuka, mpando gwa! Ndathamangira pakhonde pomwe ankakonda kukhala, mawu atatuluka kale: "Ababa, tabwerani mudzaone!"

Pali amayi okha, akusola nandolo. Aika lichero pansi. Apukuta manja pachitenje, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Tiye ndikaone ine."