Tambala wa m'poto wa Elina

25 Juni 1984
Mwamuna wanga Fanwell wabwera ndi nkhani. Mphunzitsi mmodzi pa sukulu pano atumizidwa ku Makanjira, iye kapena Gilford. Msewu wa lole, chipatala kutali, ine ndi pakati pa miyezi isanu. Sindipita.

28 Juni
Amayi a chipani akufuna keke pa phwando la 6 Julaye. Asankha Elina, mkazi wa Gilford, poti amavina kutsogolo. Kuphika keke sadziwa. Wabwera mogwada: “Amake Keti, mundiphunzitse ija yotembenuza.” Ndamubwereka poto wanga.

1 Julaye
Tayesa. Majarini ndi shuga pansi, zipatso, fulawa pamwamba, makala pa chivundikiro. Ndatembenuza ikadali yotentha, iye ali kokatunga madzi. Yatuluka yosalala ngati mbale. Wawomba m'manja. Nzeru yoyala zipatso ngati tambala wa chipani ndi yake, osati yanga. Thupi la nanazi, lipombo la papaya. Ndangoti ndi zokongola.

5 Julaye
Wafunsa ngati angaphike lero n'kukatembenuza mawa pamaso pa alendo. Shuga akazizira amagwira poto ngati phula. Ndati, “Mungatero.” Mawu amodzi basi.

6 Julaye
Anthu kudzaza, a tcheyamani kutsogolo. Elina mu nsalu yatsopano, kugubuduza poto, kugogoda, kugogodanso. Tambala watuluka. Mutu watsala m'poto.
Wina anayamba kuseka, n'kusandutsa chifuwa. A tcheyamani: “Mayi, mwadula mutu wa yani?”
Keke sanaidye. Mazira anayi apita pachabe.

9 Julaye
Gilford apolisi anamutenga Loweruka. Sanapite ku Makanjira, ndipo palibe akufunsa kumene ali. Ku Makanjira kupita mnyamata wina wa ku koleji. Fanwell wadya bwino, wagona. Mwana akusuntha m'mimba.

12 Julaye
A kwa Gilford awauza atuluke m'nyumba ya aphunzitsi. Anthu akumulambalala Elina pa mjigo. Inenso.

14 Julaye
Wabweza poto. Sanakhale pansi, sanagwade. Potoyo wosatsuka, mutu wa tambala uli momwemo, nyerere zili piringupiringu.
Akuti, “Dzulo ku polisi anandifunsa amene anandiphunzitsa keke. Ndinati ndaiwala. Akuti ndipitenso Lolemba, mwina ndikhala nditakumbukira.”
Ndamupatsa shuga, wakana. Nsalu yanga ya ku Limbe, wakana.
Poto ndamuviika kuyambira masana. Mutu sukuchoka.