Ndinakutchulani “Mayi Uyu”

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Phalula tilipo. Mlongo wanga Esinala anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo akalira amamveka mpaka kumsewu, mawu anu enieni poitana mbuzi. Chimanga chatinyoza chaka chino, koma nandolo wabereka.

Ndikuzungulira dala, Amayi, chifukwa nkhani yeniyeni ikundichititsa manyazi.

Kusukulu komwe ndimaphunzitsa ku Balaka kunabwera mpikisano wopanga timakina toyeza kuipa kwa mpweya. Kanga ndi kabokosi kokwana m'dzanja, kakanunkhiza utsi kamatumiza uthenga pa foni. Ndinakapachika mumtengo kuseri kwa phiri, komwe anthu akuotchabe makala monga munkachitira inu. Foni inalira tsiku lonse.

Pokaonetsa ntchitoyo ku Liwonde ndinafuna chithunzi cha munthu wootcha makala. Ndinali nacho chimodzi chokha, chanu chija, muli ndi khasu pa uvuni wa makala, nkhope ili bii. Ndinachionetsa pakhoma pamaso pa oweruza a masuti, ndinachiloza ndi kandodo n'kunena kuti, “Anthu ngati mayi uyu ndi amene akuwononga mpweya wathu.”

Mayi uyu. Ngakhale “a” waulemu ndinakumanani. Woweruza wina atafunsa ngati mwini chithunzi anavomera, ndinayankha kuti anamwalira, anali wa mudzi wina. Anthu anaomba m'manja, ine n'kupambana.

Makala omwewo ndiwo ananditumiza kusekondale, ndipo utsi wake ndiwo unakupatsani chifuwa chimene chinakutengani. Tsiku lomwe munandiperekeza kusukuluko ndinayenda patsogolo kuti anzanga asatione limodzi. Inu munangoseka, n'kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndinkayesa kuti zimenezo ndinazisiya ku ubwana.

Esinala anaona kanema wa mpikisanowo pa foni. Sanakalipe. Anangondifunsa modekha dzina la mudzi wa mayi ameneyo, kuti tikapepese maliro. Bola akanandimenya mbama.

Mwezi wamawa kuli gawo lomaliza la mpikisano. Chithunzicho ndikachionetsanso, koma ndisanakhudze kabokosi ndikanena kuti ku Liwonde ndinanama, awa ndi amayi anga, a Nangondo, ndipo ndaima pano chifukwa cha iwo. Mwina akandichotsa mumpikisanowo. Akandichotse.

Ndikulonjeza, Amayi, ndipo ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Yohane