Thabwa Lachitatu Kumanzere

Lolemba, 1 Julayi

Andidula. Maola atatu ndinaima padzuwa kuonetsa mmene timasankhira matabwa a boti, a Dyson, mphunzitsi wa kakoleji katsopano ka ku boma, akujambula ndi foni. Lero mdzukulu wanga Asiatu, yemwe amaphunzira komweko, wandionetsa kanemayo. Mphindi zinayi basi. Manja anga akuoneka, nyundo ikuoneka, koma kulira kwa thabwa kulibe. Aikapo mawu awo a Chingelezi.

Thabwa timasankha ndi khutu. Labwino limati ngo ngo. Lowola mkati limati phu phu. Ntchito yonse ndi yomweyo.

Lachitatu, 3 Julayi

Paja a Dyson anabwera okha, chipewa m'manja. "Che Yasini, makina oyezera matabwa tilibe, magetsi ndi a apo ndi apo, tithandizeni." Ndinawamvera chisoni. Ine sukulu sindinapondeko, zilembo izi ndinaphunzira polemba mayina a maboti, koma a madigiri ndiwo anandilondola ku Malindi kuno.

Ndawaimbira. Akuti kanema wamtali amadya bandulo, ana sangakwanitse. Akuti mphepo ya mwera inkasokosa m'foni, kugogoda sikunkamveka bwino. Nanga osabweranso tsiku la bata bwanji?

Lachisanu, 5 Julayi

Potuluka mumzikiti a Sameer a m'mudzi muno kundiseka: "Patukani, akudutsa mphunzitsi wa m'foni!" Boti lawo lomwe ndinakhoma ndine.

Mawondo akuwawa.

Lachiwiri, 9 Julayi

Minibasi mpaka ku boma, kenako kabaza. Ana akhoma boti lawo kuseri kwa kalasi. Lokongola, penti wabuluu, misomali yolunjika. Ana anzeru, zimenezo sindingakane. Ndinayamba kugogoda ndi chigwiriro cha mpeni. Thabwa lachitatu kuchokera pansi, kumanzere: phu phu. Ndinabwereza. Phu phu.

Asiatu kundikoka malaya. "Agogo, musatichititse manyazi. Mukanema munagogoda, ifenso tinagogoda lililonse."

Anagogoda, inde. Akumvera chiyani? Anangoona dzanja likukwera ndi kutsika, iwo n'kumatsanzira ngati gule. Mlandu si wawo.

A Dyson kulibe, ati ali kumsonkhano ku Zomba.

Lachinayi, 11 Julayi

Loweruka akuliika pamadzi. Ana asanu ndi mmodzi, Asiatu kutsogolo poti ndi mdzukulu wa mmisiri. Mwera sunaleke. Thabwa lotere silichenjeza, limangotseguka muli pakati.

Asiatu ndamuletsa. Akuti akapanda kukwera alephera mayeso. Makani anatengera ine.



Foni ya a Dyson sikupezeka chiyambire dzulo. Mawa ndikangoswali ndikupita kukakhala m'botimo, ndipo sinditulukamo, aitane apolisi ngati akufuna. A Dyson, siyani msonkhanowo. Bwerani mudzagogode nokha ana onse akumva, kenako muzule thabwalo ndi manja anu. Loweruka lisanafike.